Tinkayesa ndi filimu

Anzanga obadwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mukukumbukapo chiyani za pa 11 Sepitembala 2001?

Ine ndinali Sitandade 4. Linali Lachiwiri, ndipo ndege yoyamba inawomba nyumba yosanjikizana ya World Trade Center ku New York nthawi ili 2:46 masana kuno kwathu, ife titaweruka kale. Madzulo tinakhamukira kwa aneba, okhawo amene anali ndi TV m'dera mwathu. Ana tinakhala pansi pasimenti, akuluakulu ali chilili kumbuyo. Nyumba ija itagwa, mnzathu wina anawomba m'manja poyesa kuti ndi filimu. Bambo a pakhomopo anangomuyang'ana kamodzi, tonse tinangoti zii.

Anthu pafupifupi 3,000 anafa tsiku limenelo.

Koma chimene chimandiwawa n'chakuti pa 7 Ogasiti 1998, gulu la al-Qaeda, lomwelo limene linadzawombetsa ndege ku New York, linali litaphulitsa kale maofesi a kazembe wa America ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam, apa pompa pa Tanzania. Anafa anthu 224, ambiri mwa iwo Akenya. Zimenezi ine ndinadzazimva ndili kale kusekondale.