Moto wa mu Mbiya, Makoma a Linga

Ndine woumba. Dongo ndimakakumba kudambo, ndimaliponda, kuchotsa timiyala ndi mizu, n'kulisakaniza ndi mapale osinja kuti mbiya isadzang'aluke pamoto. Ambiri ondigula ndi a ku Area 10 ndi Area 43, ofuna miphika yodzalamo maluwa. Timiphika ting'onoting'ono ndimasiyira anzanga ogulitsa ziboliboli pafupi ndi positi ofesi ku Old Town. Ndimadyera pomwepo, koma mtima wanga uli pa tsiku lootcha.

Mbiya ikayamba kulimba ndimaikulungiza ndi mwala wosalala, kenako ndimaisiya kuti iume pamthunzi, osati padzuwa. Tikamaotcha mbiyazi timaziyala pansi, kuzikuta ndi makungwa, nkhuni ndi udzu, n'kuyatsa madzulo mphepo itagona. Moto ukagwira pakati pa mulu, mbiya zimafiira psuu, kumawala zokha. Ndimazivuula ndi mtengo wautali zidakali moto, n'kuziwaza madzi a makungwa. Zimalira, nthunzi kuti tolo, mawanga akuda n'kutuluka. Nthawi imeneyo ngakhale ana sasokosa.

Mu Meyi 2021 phiri la Nyiragongo litaphulika, ndinaona pa kanema chiphalaphala chikutsikira ku Goma. Anthu anavutika kwambiri, ndipo zinandikhudza. Koma kufiira kuja ndinakuzindikira. Nthaka nayonso imaotcha. Phiri la Mulanje ndi mwala umene unali wosungunuka n'kuzizirira pansi pa nthaka, ndipo ku Chiweta madzi amatuluka otentha mpaka lero. Makolo athu nawo amati pa Kaphirintiwa, ku Dzalanyama, thanthwe linali lofewa pamene anthu oyamba anapondapo.

N'chifukwa chake ndayamba kuumba mbiya zikuluzikulu zoboola timabowo m'mbali, zoti muziyaka nyale mkati. Ndikufuna ndidzaziyale m'mabwinja a Fort Mangochi, linga limene atsamunda a ku Britain anamanga m'ma 1890 atagonjetsa mfumu Jalasi. Munthu adzalowe kukada, foni atazimitsa, akhale pamphasa pakati pa mbiyazo, aone kuwala kofiira kukuvina pamakoma amene anamangidwira mfuti, aganize zake mosathamangitsidwa.

Chilolezo ndiyenera kukapempha ku nthambi ya boma yoyang'anira malo a mbiri yakale. Chondisowetsa tulo ndi ulendo: mbiya yaikulu silimba mabampu, ndipo chitunda chomaliza tidzachita kusenza pamutu.