Anthu a m'dziko lanuli amadya chiyani?

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, lero ndikuuzeni za masewera amene akundidyera Loweruka lililonse chaka chino.

Ndili ku instituto, mnzanga wina wochokera ku Beira anatiphunzitsa masewera otchedwa RPG. Otchuka kwambiri ndi Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. Safuna magetsi kapena foni. Mumakhala mozungulira tebulo, mmodzi n'kukhala wofotokoza, enawo aliyense n'kutenga munthu wake wa m'nkhanimo. Wofotokoza akati, "Mwafika pamtsinje, mlatho wakokoloka," osewera amanena chimene achite, madado n'kugamula ngati chatheka. Ndi nthano ndithu, kungoti omvera sathera pa "tili tonse". Amalowamo n'kuikhotetsa.

Chaka chino ndinaganiza zopanga dziko langalanga loti ndizisewera ndi ana a mchemwali wanga ndi anzawo awiri. Ndinatha masabata atatu ndikulemba usiku. Munali nyumba zamiyala za mafumu, asilikali apakavalo, mayina onse a Chipwitikizi, ndi mndandanda wa mafumu 12. Ndinadzitama mumtima.

Tsiku loyamba zinandivuta. Ndikafunsa kuti muchita chiyani, yankho linali limodzi: "Ndimenya." Kenaka duu. Tikupakira madado, mtsikana wa mchemwali wanga, wa zaka 11, anati, "Amalume, kodi anthu a m'dziko lanuli amadya chiyani?" Ndinasowa chonena. Mafumu 12 ndinali nawo, koma munda ngakhale umodzi munalibe.

Ndinayambiranso, koma pang'ono: mudzi umodzi, mtsinje umodzi, phiri limodzi. Ndinadzifunsa mafunso atatu okha. Madzi amatunga kuti? Milandu amaweruza ndani? Usiku amaopa chiyani? Mudziwo ndinautcha Mvulayakana. Phiri ndinalijambula ndikuganiza za Dômuè, ndipo m'mimba mwake ndinagonekamo napolo, chinjoka chimene agogo ankati chikamasamuka chimagumula phiri ndi kukokolola minda. Ndinaikamo mayi wosunga kachisi wa mvula, nzeru imene ndinaitenga pa mbiri ya Makewana wa ku Msinja. Ndinaikamo osula zitsulo ndi ng'anjo zawo, ndipo m'malo mwa ndalama zagolide anthu amagulana ndi makasu ndi mchere.

Mkangano sindinachite kuufunafuna. Ufumu wa ku Mvulayakana umapita kwa mwana wa mlongo wa mfumu, koma mfumuyi ikufuna kusiyira mwana wake wobereka. Nditangonena zimenezi, ana onse anayamba kulankhula nthawi imodzi. Panalibe chowafotokozera, milandu yotere amaimva pakhonde kwawo.

Malamulo ndinafewetsa. Madado a mbali 20 kuno sindinawapeze, choncho timaponya awiri wamba n'kuphatikiza. Ikakhala 6 kutsika pansi, walephera. Kuyambira 7 mpaka 9 wakwanitsa, koma ulipira kanthu. Kuyambira 10 zayenda bwino. Moyo wa munthu aliyense ndi nyemba zisanu m'kachitsekero ka botolo. Mnyamata wina anadandaula kuti 7 ikubwerabwera, ndiye tinawerenga limodzi: mwa njira 36 zimene madado awiri angagwere, 6 zimapereka 7, pamene 12 ili ndi njira imodzi yokha. Masamu analowa osagogoda.

Koma ndinalakwanso pena. Pofuna adani oopsa, ndinalembamo zilombo za gule. Malume anga ataona tsambalo anangoti, "Mphwanga, za kudambwe sizikhala patebulo." Ndinafuna kutsutsa kuti ndi masewera chabe, koma ndinaona kuti ndikanaphunzitsa ana kuponyera madado chinthu chimene makolo awo amachilemekeza. Tsambalo ndinang'amba. Zinthu zakwathu zili ndi eni ake, ndipo si zonse zobwereka.

Chimene chandilembetsa zonsezi chinachitika Loweruka lapitali. Osewera anafika kuphanga la napolo, anyamata mikondo ili m'manja. Mtsikana uja, amene aphunzitsi ake amati m'kalasi satsegula pakamwa, anati, "Dikirani, timufunse kaye chamukwiyitsa." Anagwada pansi penipeni, nawomba m'manja, n'kuyamba kudandaulira chinjokacho ngati nkhoswe pamlandu. Anatchula mitengo imene osula anadula kuphiri, anapepesa, anaponyamo ndi mwambi umene sindinadziwe kuti amaudziwa. Madado anapereka 8. Napolo anavomera kusagumula phiri, koma mtengo wake ndi wakuti ng'anjo zonse zizime kwa zaka zitatu. Popanda ng'anjo palibe makasu, popanda makasu palibe mchere. Loweruka likubwerali kuli bwalo kwa mfumu, ndipo ine mwini dziko sindikudziwa kuti litha bwanji.

Mapu athu tsopano ali ndi mayina m'Chinyanja, ndipo tanthauzo la zizindikiro analemba okha anawo m'zilankhulo zonse ziwiri, chifukwa akufuna kukaonetsa anzawo kusukulu.

Amene mukufuna kuyesa, musayambe ndi mafumu 12 ngati ine. Pepala limodzi, madado awiri ndi nyemba zakwana. Mtsinje wa ku Mvulayakana ukadalibe dzina, ana akukanganabe. Inu mukanautcha chiyani?