Nkhokwe ya M'thumba

Acimwene anga amagwira nchito ku Johannesburg. M'caka ca 2019 anabwera kudzaona mudzi. Anandipatsa kacipangizo kakale komvera nyimbo ndi kuonerapo mafilimu. Kukula kwake kanali ngati sopo wosambira. Kanali ndi kagalasi kutsogolo, ndi tizingwe tiwiri toika m'makutu.

Zipangizo zotere zinayamba kuchuka m'caka ca 2001, pamene kampani ya Apple inatulutsa iPod yosunga nyimbo 1,000. Kanga kanali ka mtundu wina. Munali nyimbo zoposa 4,000 ndi mafilimu 30. Ophunzira anga anakapatsa dzina lakuti nkhokwe ya m'thumba.

Kodi nyimbo zonsezi zimakhala pati? M'kati muli kambale kopyapyala kamene amati hard disk. Kambaleko kamazungulira koposa ka 3,000 pa mphindi imodzi. Pamwamba pake pali kasingano kowerenga zimene zasungidwa. Kasinganoko kamayandama pafupi kwambiri, koma sikakhudza mbale. Cipangizo cikagwa mbale ili kuzungulira, singano ikhoza kukanda mbaleyo. Zimenezi ndinazidziwa mocedwa.

Ndinali kunyada nako. Ndinali kulipira mametikali 10 pa golosale ya sola kuti kalowe moto. Madzulo anthu anali kusonkhana pakhonde pathu. Mitu inali kugundana pa kagalasi kamodzi.

Koma munali cinthu cimodzi coposa zonse. Inali nyimbo ya bambo anga.

Pa nthawi ya nkhondo, bambo ndi anthu a m'mudzi mwathu anathawa ku Domué kuno ku Angónia. Anakakhala ku Dedza, m'dziko la Malawi. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anabwerera kwathu caka cotsatira. Bambo anapeka nyimbo ya ulendo umenewo. Nyimboyo inali kuchula midzi imene anadutsa. Inali kuchula mitsinje imene anaoloka. Inali kuchulanso maina a abale amene anaikidwa m'manda a kucilendo.

Tsiku lina ndinawajambula ali kuimba, ndi foni yobwereka. Mnyamata wina wa kompyuta ku Ulónguè anandiikira filimuyo m'nkhokwe yanga. Mwini foni anaifufuta kuti apeze malo a zithunzi zake. Ine sindinadandaule. Ndinati, "Zili bwino, ndasunga."

Bambo anamwalira m'caka ca 2021.

Patapita miyezi, ndinapita nako ku kalasi. Ophunzira 18 anaonera filimu ija mosinthana, atatuatatu. Agogo ena, amene ndiwo aakulu m'kalasi mwathu, anakhala cete nthawi yaitali. Kenaka anati:

"Aphunzitsi, nyimbo iyi tiilembe. Malume anga ali kuchulidwa m'menemo."

Ine ndinayankha kuti, "Agogo, tivutikiranji? Nyimbo ili m'makina. Siingatayike."

Iwo anati, "Makinawo ndi anu. Kope ndi langa."

Ndinasowa cowayankha. Tinayamba kulemba. Ndinali kuimitsa filimu pa mzere uliwonse. Tinali kugawa mawu: De-dza, ma-lu-me, m-tsi-nje. Wina anali kulemba pa bolodi, ena m'makope. Pena tinali kutsutsana za dzina la mudzi, mpaka wamkulu amene anayenda nawo ulendowo atatiuza. Nchitoyi inatenga masabata atatu. Kunena zoona, ine ndinaiona ngati phunziro cabe la kalembedwe.

M'dzinja la 2022 ndinali kupalasa njinga kupita ku Ulónguè, nyimbo zili m'makutu. Njinga inaterereka m'matope. Kacipangizo kanatuluka m'thumba ndi kugwera pamwala. Nditakayatsa kanangolira kuti che, che, che. Kagalasi kanayaka, koma maina a nyimbo sanaoneke.

Ndinapita nako kwa wokonza mafoni. Anakaika pakhutu, napukusa mutu. Anati, "Acimwene, mbale yakandika. Ine pano sindingathe."

Mafilimu aja sindinawalire. Nyimbo za oimba ochuka zimapezeka pamsika uliwonse. Koma bambo anga ndikanawapeza kuti? Usiku umenewo sindinagone. Zinali ngati maliro aciwiri.

M'mawa mwake ndinauza kalasi. Palibe anayankha. Tsiku lotsatira agogo aja anabwera ndi kope lawo lakale, atalikulunga m'pepala la pulasitiki. Enanso anabwera ndi awo. Agogo anatsegula kope, naika cala pa mzere woyamba. Anawerenga pang'onopang'ono, liwu ndi liwu. Atafika pa dzina la malume awo, anayamba kuimba. Kalasi yonse inavomera.

Sindikunamizeni, anzanga. Liwu la bambo silinabwerere. Nkhope yawo ili kuimba sindidzaionanso. Koma midzi, mitsinje ndi maina onse zilipo. Zili m'nyumba 18, zolembedwa ndi manja a anthu amene kale sanali kudziwa kugwira pensulo.

Sindinena kuti makina ndi oipa. Lero ambiri timasunga nyimbo ndi zithunzi m'foni, m'kakhadi ka memori kamene kalibe mbale yozungulira. Koma foninso imagwa m'madzi, imabedwa, imatayika. Kwathu cimanga ca mbewu sitisiya conse m'nkhokwe. Cina timapacika m'nyumba, pamwamba pa moto. Ticite cimodzimodzi ndi mawu a makolo athu. Tikajambula, tisungenso pamalo ena. Ndipo tilembe.

Kacipangizo kaja ndikali nako. Kali m'bokosi, pamwamba pa kope limene agogo anandikopera ndi dzanja lawo.

Tikambirane

1. Kodi m'nkhokwe ya m'thumba munali ciyani?
2. Cifukwa ciyani agogo anafuna kulemba nyimbo m'kope lawo?
3. Kwanu ndani amadziwa nyimbo kapena mbiri ya banja? Lembani maina atatu amene iye amachula.