Alick Nkhata ndi Gitala Yolankhula Cinenero Cathu

Akulu anati, mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Mwa alendo onse amene anafika m'dziko lino pamodzi ndi njanji ndi migodi, palibe wina amene analowa msanga m'nyumba za anthu osauka monga gitala. Koma mlendo akafuna kukhazikika pamudzi ayenera kuphunzira cinenero ca eni mudzi. Ndifuna kukamba za munthu amene anaphunzitsa gitala kulankhula Cibemba ndi Cinyanja, ndiye Bambo Alick Nkhata, pakuti ndaona kuti anzanga ambiri adziwa dzinali monga dzina la mseu wa ku Lusaka cabe.

Tiyambe ndi kumene maimbidwe amenewa anacokera. Ku America kunali munthu wa nchito ya panjanji, dzina lace Jimmie Rodgers, wobadwira ku Mississippi mu 1897. Iye anali mzungu, koma anakulira pakati pa anthu akuda okonza njanji, namva nyimbo zao za madandaulo zimene azicha blues. Nyimbozo anazisakaniza ndi za azungu a kumidzi, nayamba kuzijambulitsa pa mbale za galamafoni mu 1927. Anamwalira ndi cifuwa cacikulu mu 1933, koma mbale zace zinaoloka nyanja ndi kufalikira mu Africa. Anyamata athu anamva liu la munthu wosiya kwao, wokwera sitima wopanda kanthu m'thumba. Cingerezi cace sanacimve, koma cisonico anacizindikira, pakuti iwonso anali macona.

Ife a ku Kafue tiyenera kudziwa zimenezi koposa ena, cifukwa mudzi wathu ndi mwana wa njanji. Ulalo wa sitima pa mtsinje wa Kafue unamangidwa mu 1906, ndipo pa ulalo umenewu panapita anthu onka ku Wankie ndi ku Bulawayo kukafuna nchito, ndi ena obwerako atasenza masutikesi, magalamafoni ndi magitala. Agogo anga aamuna anacokera ku Fort Jameson, kumene lero ticha Chipata, nagwira nchito pa sitesheni pano. Iwo ankandiuza kuti masiku amenewo gitala inali ndi mbiri yoipa. Anthu ankati ndi cinthu ca oledzera ndi oyendayenda, ndipo mkulu wa mpingo sakanalola mwana wace wamkazi kukwatiwa ndi woimba gitala. Ine amene ndinaphunzira pa sukulu ya misyoni kumene gitala inali kulira m'kacisi Lamulungu liri lonse, ndinadabwa nazo. Nanga cinasanduliza mitima ya anthu nciani? Agogo anati, wailesi ndi a Nkhata.

A Nkhata anabadwira ku Kasama mu 1922. Atate ao anali Mtonga, amai ao Mbemba, cotero anakula ndi khutu lozolowera zinenero zosiyana. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anatumikira pamodzi ndi asilikali a ku Africa ku Burma. Atabwerako anagwira nchito ndi Hugh Tracey, mzungu uja amene anayenda m'maiko ambiri a Africa ndi makina ojambulira, kusonkhanitsa nyimbo za mitundu ya anthu. Kumeneko mnyamatayo anaona ndi maso ace kuti nyimbo za pamtondo, za pamaliro ndi za alenje, zimene ophunzira ambiri a nthawiyo anali kucita nazo manyazi, ndi cuma coyenera kusungidwa.

Cuma cimeneco cinasowa njira yofikira kwa anthu, ndipo njirayo inapezeka ku Lusaka. Nyumba ya wailesi inayamba kumeneko mu 1941 kuti iziulutsa nkhani za nkhondo. Pambuyo pace inakuzidwa nichedwa Central African Broadcasting Station, yolankhula kwa anthu akuda a Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Bvuto linali lakuti mawailesi anali a mtengo wapatali, ndipo m'nyumba za anthu akuda munalibe magetsi. Tsono Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma, anagwirizana ndi kampani ya Ever Ready kuti ipange kawailesi kochipa ka batire. Kanafika mu 1949, kozungulira ngati sefuliya, ndipo cifukwa ca ici kanachedwa Saucepan Special. Mtengo wace unali mapaundi 5. Agogo anga anasunga ndalama miyezi yambiri kufikira anakagula, ndipo madzulo khonde lao linali kudzala ndi anansi, ena atanyamula timipando tao.

Pa ciyambi ca zaka za m'ma 1950 a Nkhata anali atayamba nchito pa nyumba ya wailesiyo monga woulutsa mau ndi woimba. Kwa Amerika anatenga kagwiridwe ka gitala ndi kaimbidwe ka amuna anai ogawana mau. Kwa makolo anatenga maimbidwe a kumudzi, miyambi, ndi cina coposa zonsezi, ndico nchito ya nyimbo. Kumudzi nyimbo ndi bwalo la milandu. Mkazi wobvutidwa ndi mwamuna waulesi sapita kwa mfumu msanga. Amaimba pamtondo, mudzi wonse numva, mwamunayo nadzikonza. Anthu atasamukira m'makomboni a m'tauni anasowa bwalo lotere, pakuti mnansi anali wa mtundu wina ndipo ankhoswe anali kutali. A Nkhata anabwezera anthu bwalolo kupyolera m'kasefuliya kaja. Anaimba za anyamata otha malipiro pa mowa ndi zobvala, za maukwati a m'tauni, za woyendetsa takisi, za kutsazikana kwa okondana monga m'nyimbo yao yochuka ya Shalapo. Anadzudzula moseketsa, kotero kuti wodzudzulidwayo anali kuseka pamodzi ndi anzace. Gulu lao la Lusaka Radio Band, limene pambuyo pace linachedwa Big Gold Six, linapitiriza nchito yomweyi.

Pali mbali ina ya moyo wao imene ine, pokhala kalaliki wa boma, ndimaiganizira kawirikawiri. Mu 1953 maiko atatu aja anamangidwa pamodzi mu Citaganya, anthu akuda asakufuna. Wailesi inali ya boma, ndipo anthu anayamba kukayikira abale ao ogwira nchito kumeneko. Peter Fraenkel, amene anagwira nao nchito, analongosola m'buku lace la Wayaleshi la mu 1959 momwe mphekesera za banyama, ndiwo anthu onenedwa kuti amapopa anzao magazi, zinakhudzira anchito a pa wailesi. Wanchito wa boma ali yense adziwa kulemera kwa katundu wotere: malipiro acokera kwina, pamene abale ako ali tsidya lina la tebulo. A Nkhata sanataye anthu ao. Nthawi ya kumenyera ufulu itafika anaimba nyimbo zolimbikitsa cipani ca UNIP, ndipo ufulu utadza mu 1964 anakhala mmodzi wa akulu oyang'anira wailesi ya Zambia ndi za miyambo.

Atapuma pa nchito anakakhala pa munda wao ku Mkushi. Pa 19 October 1978 asilikali a Rhodesia a boma la Ian Smith anaukira misasa ya anthu a Joshua Nkomo ku Chikumbi, pafupi ndi Lusaka, ndi ku Mkushi. A Nkhata anaphedwa pa ciwembu cimeneco. Munthu amene anapulumuka ku Burma anafera kwao, pa nkhondo ya ufulu wa anansi. Mseu umene uli ndi dzina lao ndiwo upita pa nyumba ya wailesi ya ZNBC, ndipo nyimbo zao zina zinasonkhanitsidwanso ndi kampani ya RetroAfric ya ku London.

Tsopano ndilankhule ndi inu ang'ono anga a kuno ku Kafue amene ndimakumvani madzulo mulikuyesa zingwe za magitala anu. Kubwereka sikulakwa, Jimmie Rodgers anabwereka kwa anthu akuda, a Nkhata nabwereka kwa iye ndi anzace. Koma khasu lobwereka ulimire m'munda mwako. Ambiri a inu muimba ndi liu la ku America kapena la ku Lagos, za magalimoto amene simunakwerepo. Kodi kuno kulibe coimba? Alipo asodzi olimbana ndi namasupuni pa mtsinje, alipo amai ogulitsa nsomba m'mbali mwa mseu, alipo atate anu amene anabwera kudzaomba nsaru m'fakitale natsala manja lende makina ataleka kulira. Pitani kwa agogo anu akali moyo, muwapemphe akuimbireni za pamtondo ndi za paukwati, mumve momwe mau amagonera pa nyimbo m'cinenero canu. Mukatero anthu a pa msika adzaima kuti akumvereni, monga anansi a agogo anga anali kunyamula timipando tao kukamvera a Nkhata.