Sichinali Chifuwa Chachikulu

Kwathu ankati ndi chifuwa chachikulu, ndipo ndani akanawatsutsa? Mwana wa ku Zomba, woonda, wotsokomola usiku wonse, wodya kwambiri koma osanenepa, inu mukanati n'chiyani? Ndinamwa mankhwala a TB miyezi 6 mpaka kumaliza, chifuwa osatha. Anandiyambitsanso. Agogo anapita nane kwa asing'anga, ananditema mphini pachifuwa, zipsera zake ndikadali nazo. Amayi okha ndi amene ankadabwa ndi kanthu kena. Akandipsompsona pamphumi, pamilomo pawo pankatsala mchere.

Amayi ndi namwino, mmodzi mwa anamwino ambiri a ku Malawi amene anapita kukagwira ntchito ku Britain m'zaka za m'ma 2000. Atakhazikika ku Manchester ananditumizira tikiti. Ndinali nditangotha msinkhu. Dokotala amene anandiona kumeneko anayamba wagwira zala zanga, zotupa kunsonga, zikhadabo zokhota. Kenako anafunsa ngati chimbudzi changa chimakhala chamafuta, chokana kupita ndi madzi. Ndinangoyang'ana pansi ndi manyazi, Amayi n'kundiyankhira. Anandiyeza thukuta pamkono. Mchere wa chloride ukafika pa 60 kapena kuposa, ndiye kuti matendawa alipo. Wanga unadutsa patali.

Dzina lake ndi cystic fibrosis. Ndi matenda obadwa nawo. Bambo ndi mayi onse awiri amakhala atanyamula chilema chake m'chibadwa, iwo ali bwinobwino, ndipo pa mimba iliyonse pamakhala mpata umodzi mwa 4 woti mwana abadwe nawo. Gwero lake, kachigawo ka chibadwa kotchedwa CFTR, analipeza mu 1989 a Lap-Chee Tsui ndi anzawo ku Toronto pamodzi ndi gulu la a Francis Collins ku Michigan. Kachigawoka kakapanda kugwira ntchito, mchere ndi madzi sizituluka bwino m'maselo, ndiye ntchofu ya m'mapapo ndi ya m'kapamba imauma n'kukhala yomata. Ku Britain mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 2,500 amabadwa nawo, ndipo kuyambira 2007 khanda lililonse amalitenga magazi pachidendene kuti adziwe msanga. Ambiri amati ndi matenda a azungu. Ine ndine wakuda bii, makolo anga onse ndi a ku Zomba. Chilema changa chimatchedwa 3120+1G>A, chimene chimapezeka kwambiri mwa anthu akuda a ku Africa. Ndinachitenga mbali zonse ziwiri.

Koma chimene chinatsala pang'ono kundipha si ntchofuyo. Ndi amene amakhala m'ntchofumo.

Kachilombo kanga ndi Pseudomonas aeruginosa. Kali paliponse, m'dothi, m'madzi odikha, m'mipope ya sinki. Inu mumakapuma n'kukatsokomola osadziwa n'komwe. Ife kakalowa, kamapeza nyumba. Akakapeza koyambirira amatha kukathamangitsa ndi mankhwala opumira, koma ine zaka zonse zimene ndinkamwa mankhwala a TB zija, iko kanali katakhazikika kale. Mayi wina wa ku labotale anandionetsapo chithunzi cha mbale imene anabzalamo makhololo anga. Zimene zinamera zinali zonyezimira, zonanda, ndendende therere mumphika. Ndinasiya kudya therere kwa kanthawi.

Mayiyo ndi amene anandifotokozera zimene madokotala ankangodutsapo. Kachilomboka kakamalowa kumene kamakhala kolusa. Kali ndi kamchira kosambira nako, ndiponso kali ndi kasingano kobayira poizoni m'maselo a munthu. Kakakhalitsa m'mapapo a munthu ngati ine, kamasintha khalidwe. Kamchira kaja kamataya, kubaya kuja kamachepetsa, n'kuyamba kutulutsa zonanda zija, zimene amazitcha alginate. Tizilombo timaunjikana m'kati mwake, mankhwala osafikamo bwino. Asilikali a m'thupi, maselo oyera a magazi, amabwera ambirimbiri, amalephera kutimeza, amafera pomwepo. Akaphulika amataya madzi oyabwa amene amayenera kupha tizilombo, madziwo n'kumadya makoma a njira zanga za mpweya. Zotsalira zawo zimalimbitsanso makhololo. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse ndimapuma mankhwala a dornase alfa, amene ntchito yake ndi kudula zotsalirazo kuti makhololo afewe. Ndinamufunsa mayiyo kuti, ndiye kuti kachilombo kofatsa ndi komwe kali koipa? Anati kofatsa ayi, kodekha. Sikathamangira kukupha. Kamangokana kuchoka, thupi lako n'kumadziwononga lokha pofuna kukachotsa.

Ndinakhala nako zaka zambiri. Tinazolowerana. Kenako kunabwera nyengo ina yozizira, ndinadwala chimfine wamba, chimfine n'kutsikira m'chifuwa. Makhololo anasanduka obiriwira kwambiri, ofiirira mwa apo ndi apo, onunkha. Masitepe a kunyumba ndinkakwera mopumira pakati. Siketi inayamba kuvuka yokha.

Usiku umenewo ndinagona msanga. Chimene chinandidzutsa si kutsokomola. Ndi phokoso. M'chifuwa, kumanja, china chake chinkabwata. Bwata bwata. Chofunda. Ndinadzuka. Ndinatsokomola kamodzi. Pakamwa panadzaza. Kukoma kwa chitsulo. Ndinayatsa getsi. Pilo wofiira. Manja ofiira. Osati timizere ta magazi timene ndinazolowera. Magazi enieni, owala, athovu. Ndinafuna kukuwa, mawu osatuluka. Mpweya ukamalowa unkakumana ndi madzi. Ndinamenya khoma ndi chigongono.

Amayi analowa ndi chitenje chokha.

"Amayi, ndikufa."

"Khala chete. Tandiyang'ana, mwanangu. Akuchokera mbali iti?"

"Kumanja."

"Gonera kumanja. Msanga."

Anandigwetsera kumanjako okha, n'kukankhira beseni pansi pa chibwano changa. Ndinadzamva pambuyo pake kuti amatero kuti magazi asasefukire m'phapo labwino. Dzanja limodzi linali pamsana panga, lina likuimba 999. Pafoni ankalankhula Chingerezi chodekha cha kuntchito, akachotsa foni kukamwa n'kumati Yesu, Yesu, Yesu. Dzanja la pamsanalo linkanjenjemera. Ndinkalimva. Ndinkaona beseni likudzaza. Ndinadzikodzera. Ndinaganiza za abambo anga ku Zomba, kuti adzawauza ndani, pa foni yanji. Mapazi anazizira. Kenako masitepe anagunda ndi nsapato za anthu a ambulansi.

Za m'njira sindikumbuka zambiri, koma mnyamata wa mu ambulansi amene ankandipukuta pakamwa ndi kansalu konyowa nthawi iliyonse ndikalavula ndimamukumbuka. Sananyansidwe.

Kuchipatala anandilongosolera mwachidule. Mapapo akatupa zaka zambiri, mitsempha imene imawadyetsa imakula, imapindikapindika, makoma ake n'kupyapyala. Matenda akabuka, umodzi umang'ambika. Magazi opitirira mamililita 240 pa tsiku amawatenga kuti ndi ngozi yoika moyo pachiswe, ndipo anga anali atapitirira. Anandipatsa tranexamic acid kuti magazi agwirane, n'kupita nane m'chipinda chozizira chokhala ndi makina ojambula. Sanandigoneke tulo. Anaboola pamphechepeche, n'kulowetsa kapaipi kopyapyala mumtsempha mpaka kukafika m'chifuwa. Akathira mankhwala oonetsa mitsempha, m'chifuwa munkatentha kuchokera m'kati. "Musapume. Musapume. Pumani tsopano." Munthu amene ukumira n'kumakuuza kuti usapume! Anaupeza mtsemphawo, anautseka ndi timikanda tating'onoting'ono. Kubwata kuja kunaleka. Ndinamvetsera, ndinamvetseranso. Zii.

Masiku otsatira anali a malungo ndi diripi. Mankhwala awiri, meropenem ndi tobramycin, amene kawirikawiri amawapereka kwa masiku 14, koma ine anandiwonjezera. Tobramycin amatha kuwononga impso ndi makutu, ndiye ankanditenga magazi pafupipafupi kuti aone kuchuluka kwake. Khutu lakumanzere linayamba kulira, mpaka lero silinaleke. Mankhwala a madzi amchere amene ndinkapuma anayamba andiimitsa, kuopa kudzutsa bala. Kutsokomola kulikonse ndinkayamba ndayang'ana m'kapu.

Komatu mantha aakulu sanali a magazi. Anali a labotale.

Ife odwala matendawa sitionana. Chipinda aliyense chake, ndipo ukamva mnzako akutsokomola kuseri kwa khoma umangomudziwa ndi chifuwa. Lamuloli linabwera ndi maliro. Pali gulu lina la tizilombo lotchedwa Burkholderia cepacia, limene a Walter Burkholder a ku Cornell analifotokoza mu 1950 kuti ndi limene limaoletsa anyezi. Mu 1984 madokotala a ku Toronto analemba kuti odwala ena a cystic fibrosis akatenga kachilomboka amafooka mwadzidzidzi: malungo osatsika, chibayo chodya mapapo, tizilombo kulowa m'magazi, imfa m'masabata ochepa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, a John Govan ndi anzawo ku Edinburgh anasonyeza kuti mtundu wina wa kachilomboka unkafalikira pakati pa odwala okhaokha, pocheza ndi pamisonkhano yolimbikitsana. Mtunduwo umatchedwa ET12. Misasa ya tchuthi ya ana odwala inatsekedwa. Anthu amene ankamvetsana kuposa wina aliyense anauzidwa kuti asadzakhalenso m'chipinda chimodzi.

Ndinali ndi mnzanga wa ku Leeds amene sitinagwiranepo chanza. Tinkacheza pa WhatsApp usiku, aliyense ali ndi makina ake opumira kukamwa, kutumizirana zithunzi za chakudya cha m'chipatala n'kumaseka. Mapapo ake anali abwino kuposa anga. Ankathamanga, ine ayi. Kenako m'makhololo ake munapezeka Burkholderia cenocepacia, woipitsitsa m'gulu lija. Zipatala zambiri sizimuika munthu wa kachilomboka pamndandanda wolandira mapapo atsopano, chifukwa ambiri sapulumuka opaleshoni ikatha. Anakhala nako mwakachetechete kupitirira chaka. Tsiku lina analemba kuti thupi latentha. Mauthenga anayamba kufupika. Kenako analemba ndi mlongo wake.

Ndiye ndili chigonere pabedi paja, malungo osatsika, ndinkangoti basi, ndi komweko. Cepacia amachedwa kumera m'mbale za ku labotale, ndiye umadikira. Chitseko chikatseguka mtima unkagunda kukhosi. Ndinkayang'ana nkhope ya dokotala asanatsegule pakamwa.

Anabwera masana ena, pepala lili m'manja. "Ndi Pseudomonas wanu uja. Palibe china chatsopano."

Ndinalira mokweza mpaka namwino anathamangira. Amayi anagwada pansi pomwepo, pa simenti ya chipatala, atavala yunifolomu ya kuntchito kwawo. Tinathokoza Mulungu chifukwa cha kachilombo kamene kanang'amba mtsempha wanga. Mukhoza kuseka. Ifenso tinadzaseka pambuyo pake.

Malungo anatsika pang'onopang'ono. Munthu amene anandithandiza kwambiri masiku amenewo sanali wa mankhwala. Anali mayi wokolopa, wochokera ku Zimbabwe, amene agogo ake anapita kumeneko kuchokera ku Dedza kukagwira ntchito m'migodi. Anamva Amayi akundikalipira kuti ndidye, anaima ndi chokolopera chake, n'kunena kuti, "Pepani mayi, ndamva chinenero cha agogo anga." Kuyambira tsiku limenelo, akavala epuloni ndi magolovesi n'kulowa, ankayamba ndi "Mwadzuka bwanji, achemwali?" Chichewa chake chinali chosakanikirana ndi Chishona, koma m'chipinda chimene aliyense ankalowa kudzandibaya kapena kudzandiyeza, iye yekha ankabwera kudzandipatsa moni. Amayi ankabweretsa phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi majarini wambiri, ine n'kumeza makapisozi a Creon kuti mafutawo agayike. Supuni yoyamba imene inakhala m'mimba osabwerera, mayi uja anaomba m'manja.

Ndinatuluka ndikuyenda ndekha. Mphamvu ya mapapo anga, imene amayeza pondiuzitsa mpweya m'makina, sinabwerere pamene inali. Matenda akabuka chonchi amatenga gawo lake, ndipo nthawi zina sabweza.

Mwina munamva za Kaftrio, mapiritsi amene anayamba kuperekedwa ndi NHS, bungwe la zaumoyo la boma la Britain, mu 2020. Ndi oona, amachita zodabwitsa. Anzanga a pafoni amene ankagona ndi okosijeni ananenepa, ena anabereka, ena anaiwala kutsokomola. Mapiritsiwo amakonza puloteni yopindika yochokera ku kachigawo ka CFTR kaja, makamaka ya chilema cha F508del, chimene chili mwa odwala ambiri a ku Ulaya. Chilema changa sichisiya puloteni yoti ikonzedwe. Ndimawasangalalira anzangawo ndi mtima wonse, ndipo nsanje ndimachitanso, zonse ziwiri nthawi imodzi. Mulungu amadziwa, sindimubisira. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti ife a chilema cha ku Africa ndife ochepa m'mabuku, osati chifukwa tilipo ochepa, koma chifukwa ambiri amaikidwa m'manda atalembedwa kuti TB kapena kunyentchera, asanayezedwepo thukuta.

Tsiku langa limayamba ndi makina opumira, kenako kukhosomola mwadongosolo mpaka chifuwa chipepuke, kenako colistin wopumira kuti kachilombo kaja kasachulukane. Madzulo chimodzimodzi. Sindisunga maluwa m'madzi, sindilowa m'mabafa otentha a anthu ambiri. Ndikamva kufunda kulikonse m'chifuwa ndimaima chilili n'kumvetsera, ngakhale pakati pa msewu.

Mwana wa msuweni wanga ku Zomba ali ndi zaka 4. Wamaliza mankhwala a TB, akutsokomolabe, mimba yotupa, miyendo yoonda. Ndinawauza amayi ake pafoni kuti amunyambite pamphumi. Anaseka, anati achemwali mwayamba zamasewera. Mawa lake anaimba okha, osaseka. Ku Johannesburg ndi ku Cape Town kuli zipatala zimene zimayeza thukuta ndi kusamalira odwala matendawa, ndipo South Africa inayamba kalembera wawo mu 2018. Amayi alemba kalata yoti apite nayo kwa dokotala wa ana, ine ndikusonkha ya basi ndi ya pasipoti.