Kodi Mapulogalamu a M'foni Olipira Ndi Ofunikadi?



Abale ndi alongo m'Chisilamu, masiku ano makolo ambiri akabwera kudzatenga ana ku madrassah amatifunsa kuti, "Ustazi, ndi pulogalamu iti imene tingaike m'foni kuti mwana aziwerengera Qur'an kunyumba? Nanga zolipirazi zili ndi phindu?" Funsoli sitiliona mopepuka ayi, pakuti ndalama ya pabanja ndi yowerengeka, ndiponso mwana wa lero amakhalitsa pa foni kuposa pa mkeka wa ku madrassah.

Poyamba tidziwe kuti amene adapanga pulogalamu nayenso amadya. Ngati ife sitikulipira, nthawi zambiri iye amapeza ndalama kudzera m'malonda amene amatulukira pa foni. Taonapo ndi maso athu mwana ali pakati pa Surat Yasin, mwadzidzidzi pansi pa ayah n'kutulukira uthenga woitanira anthu ku juga ya mpira. Njira ina ndi kugulitsa mbiri ya mwini foni. Mu November 2020 atolankhani a Motherboard ku America adalemba kuti uthenga wosonyeza malo amene anthu ogwiritsa ntchito Muslim Pro amapezeka unkapita ku kampani yotchedwa X-Mode, imene inkachita malonda ndi makampani ogwira ntchito ndi asilikali a dzikolo. Eni ake a Muslim Pro adakana kuti adagulitsa mbiri ya anthu kwa asilikali, ndipo adathetsa mgwirizano wawo ndi X-Mode. Komabe phunziro lidatsala. Akuluakulu adati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere.

Tsono pulogalamu imene ife tingaivomereze kuti kholo liilipire ndi Tarteel, makamaka ngati mwana wayamba kuloweza. Mwana amabisa ma ayah, n'kumawerenga pamtima mokweza mawu. Foni imamvetsera, ndipo mawu amayamba kuonekera pamene iye akuwatchula. Gawo lolipira limaonetsa liwu limene walumpha kapena walisintha, ndi kusunga zolakwazo kuti aone malo amene amapunthwa kawirikawiri. Izi zimathandiza kwambiri pa ma ayah ofanana, amene ndi ochuluka mu Surat Al-Baqarah. Pa nyumba imene mulibe munthu wodziwa kumvetsera mwana usiku, ndalama imeneyi siyopita pachabe.

Koma tichenjezane pano. Foni singalowe m'malo mwa mwalimu. Qur'an idatifika kuchokera pakamwa kupita pakamwa, kuyambira kwa Mtumiki (S.A.W) ndi maswahaba ake mpaka lero. Kusiyanitsa sin ndi swad, kapena kutulutsa ain pakhosi, mwana amaphunzira poyang'ana milomo ya mphunzitsi ndi kubwezedwa kakhumi. Kuwongola mtengo mpoyamba, ndipo lilime limene lazolowera molakwa limavuta kulikonza munthu akakula.

Sikuti zabwino zonse ndi zolipira. Quran for Android ndi yaulere ndipo ilibe malonda, chimodzimodzinso Ayat ya ku King Saud University ku Riyadh. Zonse ziwiri zili ndi masamba a Mus-haf ya ku Madinah, ya masamba 604 ndi mizere 15 pa tsamba, choncho mwana saona kusiyana ndi buku limene agwira m'kalasi. Mukhoza kukopera mawu a owerenga kamodzi kokha n'kumamvera popanda intaneti. Ife timakonda kuti oyamba kumene azimvera Sheikh Mahmoud Khalil Al-Husary wa ku Egypt, amene adajambulitsa Qur'an yonse mu 1961, chifukwa amawerenga modekha ndipo chilembo chilichonse chimamveka. Kwa mwana amene akadali pa Juzu Amma, zimenezi n'zokwanira. Ndalama isungidwe kaye.

Pa mapulogalamu a nthawi za swala, kulipira kumachotsa malonda, koma sikukonza nthawi. Mwini foni ayenera kulowa m'kati ndi kusankha yekha. Kawerengedwe ka Muslim World League kamaika Fajr pamene dzuwa lili madigiri 18 pansi, pomwe ka ku Egypt kamaika pa 19.5, ndipo kusiyanako ndi mphindi zingapo zimene ndi zofunika kwa womanga swaumu. Asr nayo imafulumira kwa a Shafi'i, amene ndife ambiri kuno kwathu, ndipo imachedwerapo kwa a Hanafi. Foni ikasiyana ndi mzikiti wanu, tsatirani muadhin. Za kuoneka kwa mwezi wa Ramadhan ndi Eid, dikirani chilengezo cha mashehe athu.

Tsono nkhani ya ndalama. Mitengo ya mapulogalamu ambiriwa imatsatira dola, ndipo tonse tikukumbukira mmene zinthu zidakwerera kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Dziwaninso kuti malipiro a pamwezi amadzidula okha ku khadi yanu mpaka mutawaletsa. Malangizo athu ndi akuti yambani ndi mwezi umodzi, muone ngati mwana akuigwiritsadi ntchito, kenako muganize za chaka. Chakudya, fizi ndi chopereka cha ku madrassah zitsogole.

Pali achinyamata ena amene amaika mapulogalamu olipira mwachinyengo pa mtengo wochepa. Abale, kumeneko ndi kudya thukuta la munthu wina popanda chilolezo chake, ndipo sizikugwirizana kuti mawu a Allah tiwaphunzire ndi chida chakuba. Kuwonjezera apo, mapulogalamu otere kawirikawiri amabwera ndi mavairasi amene angabe manambala anu achinsinsi.

Pomaliza, tikupempha makolo kuti pulogalamu iliyonse muyambe mwaiyesa nokha musanampatse mwana, ndipo mukhale naye pafupi pamene akuwerenga, ngakhale mphindi khumi pambuyo pa Maghrib. Mukakayika, bwerani nayo foniyo ku madrassah tidzaonere limodzi.

Allah awapange ana athu kukhala osunga Buku Lake, ndipo adalitse rizki la makolo awo. Ameen.