Madzi Saiwala Khwawa

Mwana wathu wamkazi atabwera kutchuthi kumapeto kwa chaka chake chachinayi ku yunivesite, anayala pamkeka pepala la maphunziro ake a uinjiniya wa makemikolo. Ife makolo ake, amene sukulu tinalekezera ku pulayimale ndipo timadalira kugulitsa usipa kuno ku Mangochi, tinkangodziwa kuti digiriyo ndi ya zaka zisanu ndiponso kuti imadya ndalama. Tsiku limenelo ndi pamene tinamva kuti maphunzirowo ali pawiri: pali okakamiza, amene wophunzira aliyense ayenera kukhoza, ndipo pali osankha, amene ndi ochepa ndipo amabwera chakumapeto.

Okakamizawo anatifotokozera pogwiritsa ntchito zinthu za pakhomo. Poyamba ndi masamu, fizikisi ndi kemisitiri. Kenako pamabwera phunziro limene iye amalitcha msana wa ntchito yonse, lowerengera zolowa ndi zotuluka. Anafunsa kuti, "Ababa, mukayanika usipa wa makilogalamu 10 pathandala n'kutsala makilogalamu 3, enawo apita kuti?" Tinayankha kuti ndi madzi amene dzuwa lamwa. Iye anati fakitale iliyonse imayenda pa lamulo lomwelo: chimene chalowa chiyenera kutuluka kapena kupezeka kumene chatsalira. Pambuyo pake amaphunzira kayendedwe ka madzi ndi mpweya m'mapaipi, kasamukidwe ka kutentha, kulekanitsa zinthu zosakanikirana, liwiro limene makemikolo amasinthira akaphatikizana, ndi kawongoleredwe ka makina. Potsiriza amajambula pulani ya fakitale yathunthu, yosonyeza mtengo wake ndi chitetezo cha antchito.

Maphunzirowa ndi olumikizana ngati maso a ukonde. Apa m'pamene tinazindikira chifukwa chake analira kwambiri atalakwa masamu m'chaka chachiwiri. Ife tinkayesa kuti phunziro limodzi silingamugwetse, osadziwa kuti akanapanda kukhoza mayeso obwereza, sakanaloledwa kuyamba maphunziro amene amatsamira pa masamuwo.

Kusamvana kunabuka titafika pa maphunziro osankha. Mtima wathu unali pa za shuga ndi zakudya. Tinkadziwa kuti ku Dwangwa ndi ku Nchalo kuli mafakitale a shuga, ndiponso kuti zotsalira za shugayo amapangira ethanol wosakaniza ndi petulo. Kumeneko tinkaonako ntchito ya malipiro odziwika. Tinali titagulitsa bwato limodzi kuti iye asasiye sukulu, ngongole ya boma inali kumudikira, ndipo alongo ake awiri anali asanamalize sekondale. Koma iye anali atachonga kale phunziro la kuyeretsa madzi akumwa ndi madzi oipa.

Tinamukalipira. Iye anakhala chete mpaka titamaliza, kenako anati, "Amayi, kodi azakhali anapita ndi chiyani?" Pakhonde panagwa bata. Kolera amene anayambira ku Machinga mu Marichi 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo boma lathu la Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anavutika koposa. Azakhali akewo tinawaika m'manda mofulumira, popanda mwambo wonse umene tikanafuna kuwachitira.

Chimene chinatilasa mtima kwambiri ndi zimene anatiuza pambuyo pake. M'masiku amenewo tinkathira kolorini m'madzi otunga kunyanja, koma nthawi zambiri tinkathira m'madzi a matope n'kumwa pomwepo. Iye anafotokoza kuti zinyalala za m'madzi zimadya mphamvu ya kolorini ndi kubisa tizilombo. N'chifukwa chake kumalo oyeretsera madzi amayamba ndi kuthira mankhwala oundanitsa matope, kuwasiya adikhe, kuwasefa mumchenga, ndipo kolorini amabwera pomaliza n'kupatsidwa mphindi zosachepera 30 kuti agwire ntchito. Anatisonyezanso kuti kuwerengera kukula kwa thanki, mphamvu ya pampu ndi muyeso wa mankhwala kumachokera m'maphunziro okakamiza omwe aja. Motero kusankha madzi sikumutsekera khomo la fakitale ya shuga, pakuti nayonso singayende popanda madzi oyera ndi njira yosamalira madzi oipa.

Sitinganame kuti nkhawa yathu yatha. Ntchito zikusowa, ndipo ngongole siidzafunsa kuti iye anasankha phunziro liti. Komabe tinaona kuti m'zaka zinayi zonse anayenda njira imene ena anamulembera, ndipo pamalo ochepa pamene anapatsidwa ufulu, ife tinkafuna kumulanda cholembera. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mwanayu anakulira pagombe, ndipo maphunziro ake akufuna kuwabwezera kugombe komweko.

Tsiku lobwerera kusukulu tinamuperekeza kukakwera minibasi, titamumangira kathumba ka usipa wofutsa. Kunyumba anatisiyira zidebe ziwiri: china chodikhitsira madzi, china chothiramo kolorini. Tsopano timayang'ana wotchi tisanamwe.